Nsato yoweta ikamalephera kufundula kapena ikagwidwa ndi nthata: chithandizo chake ndi chitetezo cha apabanja

Uthenga uno ndi wa aliyense kuno ku Chipata ndi m'maboma ena a chigawo cha kum'mawa amene amaweta nsato yaing'ono yotchedwa ball python, komanso wa onse okhala naye nyumba imodzi, makamaka amene amaphika, kuchapa ndi kulera ana. Mavuto awiri amene amagwera njokayi kawirikawiri ndi kulephera kufundula ndi nthata. Onse awiri amachiritsika. Choopsa n'chakuti pochiza pamakhala kuviika, kutsuka ndi kugwiragwira njoka, ndipo m'pamene tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba timachoka kwa njoka n'kufika m'mbale za anthu.

Nsato imeneyi si ya kuno. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, m'maiko monga Ghana, Togo ndi Benin, ndipo akatswiri amaitcha Python regius. Ilibe ululu. Ikachita mantha imadzikulunga n'kubisa mutu pakati. Ikakula imatalika mita imodzi mpaka mita imodzi ndi theka, ndipo yosamalidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30. Nsato yathu ya m'madambo ndi m'chigwa cha Luangwa ndi ina, imatha kupitirira mamita anayi, ndipo si yoweta m'nyumba.

Kufundula koyenda bwino

Njoka imafundula moyo wake wonse. Yaing'ono imene ikukula msanga imatero pafupifupi mwezi uliwonse kapena pakatha masabata asanu ndi limodzi, pamene yaikulu imafundula kangapo chabe pa chaka. Nthawi ikayandikira khungu limathima, kumimba kumafiirira pang'ono, kenako maso amatuwa mobiriwira. Oweta ena amadzidzimuka poganiza kuti yachita khungu. Sikudwala kumeneko: ndi timadzi tomwe timalowa pakati pa khungu lakale ndi latsopano kuti zilekane. Pakapita masiku angapo maso amayeranso, ndipo patapita masiku enanso ochepa njoka imakhula mphuno pa chinthu chokhakhala n'kutuluka m'khungu lakale, lomwe limatsala lathunthu, lotembenuka. Zonsezi zimatenga sabata imodzi kapena awiri. Masiku amenewa njoka siona bwino, imakana chakudya ndipo imaluma msanga. Isiyeni, musaigwire popanda chifukwa.

Khungu likamachoka zidutswazidutswa

Nthawi zambiri vuto ndi kuuma kwa mpweya m'bokosi. Kwawo nsatoyi imatha tsiku lonse ili m'mauna ndi m'zulu momwe mumakhala chinyezi. Kuno kwathu, kuyambira mu Meyi mpaka mvula yoyamba ya Novembala mpweya umauma kwambiri, ndipo babu kapena chotenthetsera chimene mumayatsa m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi chimaumitsanso m'bokosimo. M'bokosi muzikhala chinyezi cha maperesenti 55 mpaka 60, ndipo njoka ikamafundula chikwere kufika pafupifupi 70. Mbali yofunda izikhala madigiri 31 mpaka 32, yozizirira 25 mpaka 27. Zimenezi sizidziwika ndi dzanja; pamafunika choyezera kutentha ndi choyezera chinyezi. Magetsi akazima usiku wozizira, botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu limathandiza. Mbaula ayi, utsi wake umapha njoka ndi anthu omwe.

Njira yosavuta ndi kupanga kobisalamo konyowa. Tengani chidebe chapulasitiki chokhala ndi chivundikiro, boolani khomo loti njoka ilowe, ikanimo kansalu koyera konyowetsa ndi kofinya, n'kuchiika kumbali yofunda. Muzisintha kansaluko kasanachite nkhungu. Musasandutse bokosi lonse thope, chifukwa njoka yogona pachinyontho masiku ambiri imawola mamba a kumimba.

Ngati khungu lakanirira kale, ikani njoka m'chidebe cha madzi ofunda pang'ono, osapitirira theka la kunenepa kwa thupi lake, kwa mphindi 15 mpaka 20, inu muli pomwepo. Kenako ilekeni ikwawe kudutsa m'thaulo lonyowa lomwe mwagwira m'manja. Khungu lofewa limachoka lokha. Lomwe likukana musalikoke, mudzabwereze mawa lake.

Malo awiri amafuna diso lakuthwa. Oyamba ndi kunsonga kwa mchira: khungu lotsala pamenepo likauma limamanga, magazi amaleka kuyenda, nsongayo n'kufa. Achiwiri ndi m'maso. Njoka ilibe zikope, diso lake limaphimbidwa ndi mamba oonekera mkati omwe amachoka limodzi ndi khungu. Yang'anani kumutu kwa khungu lofundulalo ngati tizivundikiro tiwiri ta maso tilipo. Ngati kamodzi katsalira padiso, musayese kukachotsa ndi chikhadabo, singano kapena selotepi. Mutha kung'amba mamba atsopano n'kuwononga diso kotheratu. Wonjezerani chinyezi ndipo kaonaneni ndi dokotala wa ziweto.

Nthata

Njoka ikamalephera kufundula chinyezi chili bwinobwino, kapena ikamangokhala m'mbale ya madzi tsiku lonse, ganizirani nthata. Dzina lake ndi Ophionyssus natricis. N'zazing'ono ngati njere za fodya, zakuda kapena zofiirira zikakhuta magazi, ndipo zimayenda. Zimabisala kuzungulira maso, mumzere wa pansi pa chibwano, m'timaenje ta pamilomo ndi potulukira chimbudzi. Pukutani njoka ndi pepala loyera lonyowa: mukaona timadontho takuda toyenda kapena timizere ta magazi, ndi zomwezo. Zina mumazipeza zitamira pansi pa mbale ya madzi. Tifumbi totuwa pamsana pa njoka ndi ndowe zake.

Zikachuluka zimayamwa magazi mpaka njoka kufooka, ndipo yaing'ono imatha kufa. Pomwe zaluma pamalowanso mabakiteriya.

Chimene chimagonjetsa oweta ambiri n'chakuti nthata siziikira mazira pa njoka. Yaikazi ikakhuta imatsika n'kukaikira m'ming'alu ya bokosi, m'makungwa, pansi pa chivundikiro. Kuchokera pa dzira kufika pa nthata yoikiranso mazira pamatenga masabata awiri kapena atatu okha. Mukasambitsa njoka yokha, lero ioneka yoyera, koma sabata yamawa zadzazanso. Choncho tayani zonse zoyala pansi mutazimanga m'pulasitiki, kapena zitentheni. Makungwa ndi timitengo tayaninso, kapena tiwiritseni. Bokosi litsukeni ndi madzi otentha ndi sopo, kenako ndi madzi othira Jik pang'ono, tsukuluzani bwino, liume mpaka fungo litatha. Pansi yalani mapepala oyera kuti muziona nthata zotsala, ndipo muziwasintha masiku awiri alionse. Pukutaninso tebulo ndi khoma lozungulira, pakuti zimayenda kuchoka bokosi lina kupita lina. Pitirizani kwa masabata osachepera asanu ndi limodzi, ngakhale musakuonanso kanthu.

Pa mankhwala m'pamene pamafera njoka zambiri. Mankhwala a dibi a ng'ombe, opopera thonje, opopera udzudzu ndi mphemvu, parafini ndi oilo wakutha wa galimoto, zonsezi zimapha njoka, ndipo zina zimadwalitsa wopoperayo. Mankhwala okhala ndi permethrin amapopera bokosi lopanda njoka ndi mbale ya madzi, ndipo njoka imabwerera pokhapokha mwauma gwa. Dziwaninso kuti permethrin ndi poizoni kwa amphaka. Madokotala a ziweto amagwiritsa ntchito ivermectin kapena fipronil pa mlingo woyeza malinga ndi kulemera kwa njoka. Mlingo wa mbuzi si wa njoka, ndipo ivermectin amapha fulu, choncho asayandikire fulu ngati mumawetanso. Yambani kufunsa ku ofesi ya zaziweto ya boma lanu. Ngati pakufunika wodziwa kwambiri za nyama zokwawa, sukulu ya madokotala a ziweto ili ku University of Zambia ku Lusaka.

Nthata sizimera zokha m'bokosi. Zimabwera ndi njoka yatsopano, bokosi logula kwa wina, kapena m'manja ndi m'zovala za munthu amene wagwira njoka ina. Njoka yatsopano izikhala m'chipinda china, pa mapepala oyera, kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo muziisamalira pomalizira. Nsato yogwira kutchire imabwera ndi nkhupakupa ndi nyongolotsi, ndipo kuisunga popanda chilolezo n'kulakwira lamulo la nyama zakutchire, Zambia Wildlife Act ya 2015. Ball python ili pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama zakutchire pakati pa maiko, ndiye kuidutsitsa pa chipata cha Mwami kapena china chilichonse kumafuna mapepala. Za zilolezo funsani ku Department of National Parks and Wildlife musanagule.

Mbali ya anthu

Nthata za njoka sizikhazikika pa munthu, koma zimatha kuluma n'kusiya tiziphuphu toyabwa m'manja ndi m'mikono. Sambani ndi sopo, chapani zovala m'madzi otentha, musakande. Zikatha m'bokosi, kuyabwa nakonso kumatha.

Mdani weniweni ndi Salmonella. Njoka zambiri zimakhala ndi mabakiteriya amenewa m'matumbo zili bwinobwino, osaonetsa chizindikiro chilichonse. Amatuluka ndi chimbudzi n'kufalikira pakhungu, pa khungu lofundula, m'madzi oviikamo ndi pachilichonse m'bokosi. Palibe mankhwala owathetseratu mwa njoka, ndipo kuipatsa mankhwala opha mabakiteriya n'cholinga chimenechi kumangopangitsa kuti tizilomboto tisamamvenso mankhwala. Ingoganizani kuti njoka iliyonse ili nawo.

Tsono taganizirani mmene timakhalira m'nyumba zambiri za ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika: beseni limodzi losambitsira mwana ndi kuchapiramo, mpopi umodzi wa pabwalo wotsukirapo mbale ndi ndiwo zamasamba. Beseni limenelo likaviikidwamo njoka masana, madzulo mwana n'kusambiramo, matenda apeza njira. Njoka ikhale ndi chidebe chake, thaulo lake ndi burashi yake, zolembedwa chizindikiro ndi zosungidwa kutali ndi khitchini. Madzi oviikamo athiridwe m'chimbudzi, osati pabwalo posewerera ana, m'dimba kapena pafupi ndi chitsime. Mukatha kugwira njoka kapena zinthu zake sambani m'manja ndi sopo ndi madzi othira, kwa masekondi 20, musanagwire foni, chitseko cha firiji kapena nsima. Kusamba m'manja m'beseni limodzi ndi anzanu musanadye sikuchotsa tizilomboti, kumangogawira ena. Osadya, osasuta, osapsompsona njoka pamene mukuisamalira.

Khungu lofundula ana amalikonda, amafuna kukaonetsa anzawo kusukulu, ndipo akuluakulu ena amalisunga pa zifukwa zawo. Nalonso lili ndi tizilombo, mwinanso nthata. Mukaliyang'ana kumaso ndi kumchira, litayeni.

Ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera, okalamba opitirira zaka 65 ndi onse amene chitetezo cha m'thupi chili chofooka, monga odwala khansa, shuga, kapena amene ali ndi HIV, asagwire njoka kapena kutsuka bokosi lake. Kwa munthu wamphamvu Salmonella amangotsekula m'mimba masiku angapo. Kwa mwana wonyentchera, mwana amene wangodwala malungo, kapena munthu amene chitetezo chatsika, amatha kulowa m'magazi n'kupha, nthawi zina popanda kutsekula m'mimba n'komwe. M'nyumba momwe muli khanda, nzeru ndi yoti njokayo ikasungidwe kwina.

Mbewa zodyetsa njoka nazonso n'zofunika kuzisamala. Kuno mbewa sizisowa nyengo yokolola ikatha, ndipo n'zokopa kungokumba kapena kutchera makoswe a m'nkhokwe. Za kutchire zimakhala ndi nyongolotsi, zina zadya poizoni wa makoswe, ndipo utitiri wake umafalitsa mliri wa makoswe, umene unabuka m'boma la Nyimba m'chaka cha 2015. Dyetsani mbewa zoweta. Zouma ndi chisanu zisagone m'firiji limodzi ndi nyama ndi nsomba za banja, ndipo zisasungunulidwe mumphika kapena m'kapu ya pakhomo.

Ikakulumani, musaikoke, mano ake ndi opindikira m'mbuyo ndipo amang'amba. Thirani madzi ozizira pamutu pake, isiya yokha. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo pitani ku kiliniki ngati latupa, latuluka mafinya, kapena ngati papita zaka zambiri musanabayitse katemera wa kafumbata. Izi zikunena za nsato yoweta yokha. Njoka ya kutchire yamawangamawanga ikhoza kukhala mphiri, ndipo wolumidwa ndi njoka yosadziwika athamangire kuchipatala nthawi yomweyo.

Nthawi yopita kuchipatala

Zizindikiro za Salmonella zimayamba pakati pa maola 6 ndi masiku 6 munthu atatenga tizilomboti: kutsekula m'mimba, kupotokola, kutentha thupi, nthawi zina kusanza. Ambiri amachira pakatha masiku 4 mpaka 7. Wodwala amwe ORS pafupipafupi. Ngati mulibe paketi, sungunulani masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Mwana apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo alandire zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Musagule makapisozi pa kantemba.

Musadikire kunyumba ngati m'chimbudzi muli magazi, thupi latentha kwambiri, wodwala akusanza chilichonse, maso alowa, mkodzo wasowa, mwana walefuka kapena akukana bere, kapena kutsekulako kwapitirira masiku atatu. Khanda, mayi woyembekezera ndi munthu wa chitetezo chofooka apite tsiku loyamba lomwelo ku kiliniki yapafupi, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku Chipata Central Hospital kapena kuchipatala cha boma lawo. Kutentha thupi kuno timayamba taganizira malungo, ndipo n'koyenera kuyezetsa. Koma mukafika auzeni anamwino kapena adokotala kuti kunyumba kuli njoka yoweta, ndani amaigwira, ndiponso tsiku lomwe munaiviika komaliza. Ambiri amabisa poopa kunenedwa za ufiti, pamene mawu amenewo ndi amene angachititse kuti ayezenso chimbudzi ndi magazi.