Banja likatha, nyumba ya ku Chinamwali ndi ya ndani?

Anthu akamafika kwa ife maloya pa nkhani ya banja, zoti akufunanabe kapena ayi amakhala atathana nazo kale kwa ankhoswe. Chimawasowetsa tulo ndi katundu. Mayi amafunsa ngati ali ndi gawo pa nyumba ya ku Chinamwali, muno mu Zomba, yomwe mapepala ake ali m'dzina la mwamuna. Bambo amafunsa ngati angakasasule malata pa nyumba yomwe anamanga kuchikamwini ku Jali. Onsewa amabwera atamva kale "malamulo" kwa achibale, ndipo zambiri zomwe anamvazo zimakhala zam'maluwa.

Lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limati ukwati wa chinkhoswe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wolembetsa kwa DC, onse ndi ofanana mphamvu. Ngakhale ongolowana angathe kuzindikiridwa ngati banja, koma wonena zimenezo ndi khoti, ndipo akhale atakhalira limodzi zaka zosachepera 5. Ankhoswe amayanjanitsa, ndipo mawu awo amathandiza ngati umboni, koma wothetsa ukwati ndi khoti. Ambiri amangolongedza n'kuchoka, osadziwa kuti pamaso pa lamulo akadali pabanja. Nkhani imadzavuta tsiku la maliro, pogawa chuma cha masiye, akazi awiri atakhala pamphasa imodzi.

Tsono za katundu. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mayi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa awiriwo banja likatha. Lamulo la 2015 lija, m'gawo 74, limauza khoti zoti liyang'ane pogawa: ndalama zomwe aliyense amapeza, zosowa zake, msinkhu ndi thanzi lake, komanso zomwe aliyense anasonkha m'banjamo. Ndipo limatchula poyera kuti ntchito zapakhomo nazo ndi kusonkha.

Apa mpamene abambo ambiri amadabwa. Taganizani za mayi amene amagulitsa tomato ndi bonya ku Mpondabwino. Ndalama yake imathera ku ufa, makala, sopo ndi yunifolomu ya ana, pamene malipiro a bambo mwezi ndi mwezi akugula simenti ndi malata. Malisiti onse a simenti alembedwa dzina la bambo, pomwe ufa sukhala ndi lisiti. Koma bamboyo sakadamanga nyumbayo akanakhala kuti ankagulanso ndiwo ndi iyeyo. Khoti limaziona zimenezi, ndipo dzina lolembedwa pa pepala la puloti silitseka mlandu. Mu 2020 Khoti Lalikulu ku Blantyre linafika mpaka pogamula kuti mayi amene anasamala pakhomo mwamuna wake akuphunzira mpaka kutenga digiri alipidwe, poti maphunzirowo anali thukuta la onse awiri.

Komabe amayi nawo asamve ngati chilichonse ndi theka kwa theka. Khoti la Supreme linanenapo kuti ukwati pawokha supangitsa katundu yense kukhala wa awiri. Limafufuza ngati munagula ndi cholinga choti chikhale cha banja, ndi zomwe aliyense anaikapo. Munda wosiyiridwa ndi makolo, kapena puloti yomwe munthu anali nayo asanakwatire ndipo mnzakeyo sanaikepo kanthu, nthawi zambiri imatsala kwa mwini wake.

Choncho milandu yotereyi imayenda ndi umboni, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwera. Kulira pamaso pa majisitireti sikulowa m'malo mwa kope la banki mkhonde losonyeza kuti munatenga ngongole mwezi womwe nyumba inafoleredwa. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba ndi umboni. Mmisiri amene ankalandira ndalama m'manja mwanu ndi mboni, chimodzimodzi amfumu amene anasainira pogula malo. Chimandipweteka mtima ndi choti munthu akapsa mtima amayamba ndi kufufuta zonse za mnzakeyo mufoni, n'kutaya nazo umboni wake womwe.

Za kuchikamwini n'zachidule. Malo ndi a mbumba ya mkazi, ndipo mwambo wa kuno, womwe makhoti akhala akuutsatira, umati mwamuna amangire mkazi nyumba kwawo. Yomwe munamangayo kawirikawiri imatengedwa ngati kukwaniritsa udindo umenewo, ndiye kukasasula malata n'kudziputira mlandu wina. Amene sanamange, khoti limatha kumulamula kuti amange kapena apereke ndalama yokwanira nyumba.

Ana nkhani yawo ndi yapadera. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limapereka udindo kwa makolo onse awiri, kaya anakwatirana kaya ayi, kaya wolakwa m'banjamo anali ndani. Posankha amene akhale ndi mwana, khoti limayang'ana chomwe chingamukomere mwanayo, ndipo kukhala ndi ndalama zambiri si chiphaso chotengera ana. Mawu oti "akapita kwa amake sindiperekanso fizi" alibe mphamvu iliyonse. Khoti lingathe kulamula kuti chithandizo chizidulidwa ku malipiro, zomwe zimagwira bwino ntchito muno mu Zomba momwe aphunzitsi, apolisi ndi asilikali ndi ambiri. Ndalamayo simangidwa mpaka kalekale. Amene anagamulidwa chithandizo kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 angathe kubwerera kukhoti kukapempha kuti chiwonjezeredwe, ndipo bambo amene ntchito yamuthera angapemphenso kuti chitsike m'malo mongothawa samani.

Ngati m'nyumba muli nkhanza, musadikire mlandu wa chisudzulo. Lamulo la 2006 lothana ndi nkhanza za m'banja limalola khoti kuletsa wankhanzayo kukuyandikirani, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba, ndipo poyambira ndi ku Victim Support Unit ya kupolisi. Osakwanitsa kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi ofesi konkuno ku Zomba. Popita tengani mndandanda wa katundu ndi chaka chomwe chilichonse chinagulidwa, mayina a ankhoswe, ndi mapepala a ngongole zonse, ya katapila yomwe, chifukwa khoti pogawa limaonanso ngongole zomwe aliyense wasenza.