Bondo lachitsulo ndi ntchito zomwe limagwira kuno kwathu

Mukakaikidwa bondo lachitsulo ku Blantyre kapena ku Lilongwe n'kubwerera kuno ku Mangochi, mwina tsiku lina kudzafika anthu a kafukufuku ofuna kudziwa mmene mukuyendera. Ine monga wa mafizo ndikupempha kuti muyambe mwawamvetsera musanawabweze.

Mafunso ambiri oyezera kuchira kwa bondo anakonzedwa kunja. Otchuka kwambiri, a Oxford Knee Score a mu 1998, alipo 12, ndipo amafunsa za kutsika masitepe, kudzuka pampando mukatha kudya, kukwera galimoto, kugwada. Za kunjuta mulibemo. Chonsecho kuno bondo limanjuta kuchimbudzi chokumba, limapinda pophika nsima pamafuwa, limalowa m'bwato, ndipo kwa Asilamu limafika pansi kasanu patsiku pa swala. Poyenda bondo limangofunika kupinda madigiri pafupifupi 65, podzuka pampando cha m'ma 90, koma kunjuta kumafuna oposa 130, pomwe mabondo ambiri oikidwa amalekezera pa 110 mpaka 120. Ndiye papepala agogo akhoza kuoneka ochira bwino lomwe, pomwe kumzikiti akuswali atakhala pampando, mtima ukuwawawa. Madokotala sangazidziwe zimenezi eni mabondo akapanda kunena.

Kawirikawiri a kafukufukuwo amakufunsani mafunso, kukuyendetsani mphindi 6 n'kuyeza mtunda, mwinanso kukumangirirani kachipangizo pantchafu kapena m'chiuno kwa sabata. Sikapopa magazi, sikajambula mawu. Kamangowerenga kuti mwaponda kangati, mwakhala pansi nthawi yaitali bwanji. Apa ndiye pondidetsa nkhawa: ife timakonda kusangalatsa mlendo. Musayende mtunda womwe simuyenda masiku onse pofuna kuti kachipangizoko kakuyamikireni, ndipo bondo likamatupa madzulo musayankhe kuti "ndili bwino". Yankho laulemu lotero limasocheretsa malangizo omwe adzapatsidwe kwa odwala obwera pambuyo panu.

Musanasaine kapena kudinda chala, funsani ngati kafukufukuyo anavomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku, kaya ya ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) kapena ya boma yotchedwa NHSRC. Akuwerengereni fomu m'Chichewa kapena m'Chiyao pali mboni yanu, akuuzeni za thiransipoti komanso yemwe adzaone mayankho anu. Mukhoza kukana, kapena kusiyira panjira, ndipo mafizo anu kuchipatala adzapitirira monga kale. Za kugwada ndi kunjuta, wokulolezani ndi dokotala amene anakuchitani opaleshoni, osati wa kafukufuku.