Boti la matanga lokoka pa galimoto: ntchito imayambira ku Blantyre, nyanja isanaoneke

Anthu akafika pamene ndimakonzera maboti kuno ku Blantyre, funso lawo loyamba limakhala lomweli: "Ambwana, boti mumzinda wopanda nyanja, mulitani?" Ndimawaloza ngolo yomwe botilo lakhalapo. Boti laling'ono la matanga, la mamita 4 kapena 5, silifuna doko. Limagona pabwalo la nyumba, Lachisanu mwalikola kumbuyo kwa galimoto, Loweruka lili pamadzi ku Mangochi. Koma amene akufuna kugula adziwe kuti boti lotere limatha masiku ambiri pa matayala kuposa pamadzi, ndipo mavuto ambiri amene ndimakonza ine sanachokere m'nyanja.

Kuchoka ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde pa msewu wa M3 mpaka ku Mangochi ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo wopita ku Monkey Bay amawonjezeranso ena oposa 60 pa M10. Matayala a ngolo ndi aang'ono, choncho amazungulira kwambiri kuposa a galimoto, ndipo ma bearing ake, tizitsulo ta pakati pa tayala tomwe limazungulirapo, amatentha. Mukafika pagombe n'kubwezera ngolo m'madzi nthawi yomweyo, chitsulo chotenthacho chimazizira mwadzidzidzi, mpweya wam'kati umanyala n'kuyamwa madzi. Madziwo amasakanikirana ndi girizi. Simuona kanthu tsiku limenelo. Ineyo zinandionekera ulendo wachitatu: titangodutsa pa mlatho wa Kamuzu Barrage ku Liwonde ndinamva kulira ngati mphero, nditaima n'kugwira pakati pa tayala ndinapsa zala. Girizi anali atasanduka phala lotuwa. Tinagona komweko, boti lili m'mbali mwa msewu, ana a m'deralo akulizungulira. Kuyambira pamenepo ndikafika kunyanja ndimayamba kuimika mlongoti ndi kumanga zingwe, ngolo ikuzizira, ndipo m'galimoto simusowa bearing yapadera, girizi ndi tayala lina.

Kakhalidwe ka boti pa ngolo nakonso n'kofunika. Gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse liyenera kutsamira pa chokolera cha galimoto. Katundu akachuluka kumbuyo, ngolo imayamba kuvina, makamaka potsetsereka ku Machinga. Ndipo musanadzutse mlongoti, yang'anani kumwamba. Milongoti yambiri ndi ya aluminiyamu, ikakhudza waya wa magetsi palibenso nkhani.

Tsopano za mphepo, chifukwa apa ndi pamene anthu a kumtunda timapusitsika. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa ndipo umalimba kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti. Pa gombe la Chembe ku Cape Maclear mapiri amautchinga, madzi amaoneka bata ngati m'beseni. Mwatuluka bwinobwino, mphepo ili kumsana, boti likuthamanga, aliyense akuseka. Mukangopitirira chilumba cha Thumbi kapena Domwe, chitchingo chija chatha. Mukati mutembenuke mupeza kuti mphepo yomwe inakuperekezani ija yakutsekerani njira, ndipo kutsogolo kwake kuli nyanja yotalika makilomita oposa 500. Boti la matanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Limayenda mopingasa, pafupifupi madigiri 45 kuchoka kumphepo, uku ndi uku ngati munthu wokwera phiri la Ndirande ndi mtolo pamutu. Mtunda womwe munadutsa pa theka la ola popita ukhoza kukudyerani maola awiri pobwerera. N'chifukwa chake ophunzira anga ndimawauza kuti ulendo wa tsiku limodzi aziuyamba molimbana ndi mphepo, mphamvu zikadalipo, kuti pobwera madzulo izichita kuwakankha.

Chinanso chimene ambiri sakhulupirira mpaka ataona: mphepo ikawirikiza kawiri liwiro lake, mphamvu yake pa thanga imawirikiza kanayi. Choncho thanga limachepetsedwa mukadali pagombe kapena mukangoyamba kukayikira, osati boti litapendekeka kale madzi akulowa. Kusenza thanga lonse pa mwera si ukatswiri. Nyanja iyi inamiza sitima ya Vipya mu 1946, anthu 145 n'kutayika, ndiye kaboti kanu n'chiyani?

M'nyengo ya mvula zinthu zimatembenuka. Mpoto umachokera kumpoto ndipo umafika ku magombe a kummwera utakundika mafunde ulendo wonse, komanso mvula ya mabingu imabwera ndi mphepo yadzidzidzi. Nthambi yoona za nyengo imalengeza machenjezo pa wailesi, muziwamvera. Koma ine sindinyamuka ndisanapatse moni asodzi omwe akusoka maukonde pamchenga. "Madala, lero yadzuka bwanji nyanjayi?" Akangoti "Ikani kaye pansi, achimwene," ndimamvera. Iwowa ndi amenenso angakuuzeni pamene atchera maukonde ndi pamene pamakonda kukhala mvuu.

Nanga mugule lotani? Maganizo anga ndi oti laling'ono, lomwe anthu awiri angathe kulikankha pamchenga ndi kulidzutsa likatembenuzika. Magombe athu ambiri alibe simenti yotsitsira maboti, ndi mchenga basi, ndipo galimoto wamba imatitimira msanga. Sankhani la thabwa lapansi lomwe limakwezedwa ndi kutsitsidwa, lija limaletsa boti kutsetsereka cham'mbali, chifukwa ndi lomwe lingafike mpaka pamadzi a m'mawondo. Pogula lakale, dinikizani thupi lake ndi chikhatho: pakafewa ngati buledi, fibreglass yomwe anapangira thupilo yatha pamenepo. Matanga ayang'aneni padzuwa, popeza dzuwa lathu limadya ulusi wa msoko nsalu isanathe. Zitsulo zing'onozing'ono za maboti otere sizipezeka wamba mu Limbe, zambiri zimachokera ku South Africa, ndiye boti lotchipa losowa zida likhoza kukhala padenga la garaja chaka chathunthu. Za mapepala a boti kafunseni ku Marine Department, nthambi ya boma yoona za maboti ndi sitima, musanaliike pamadzi, ndipo kumbukirani kuti madzi ozungulira zilumba za ku Cape Maclear ali mu Lake Malawi National Park, komwe kuli malamulo ake.

M'boti muzikhala nkhafi, nangula ndi chingwe chake, chigubu chodulidwa chokapira madzi chomangirira kuti chisatayike, madzi akumwa, ndi foni m'thumba losalowa madzi. Jekete yoyandamitsa ivalidwe, isakhale chotsamira. Wina wotsala kumtunda adziwe kumene mwalowera ndi ola lobwerera.

Ndipo tsiku loyamba, mphepo ili yochepa, pitani pamadzi ofika m'khosi, mulitembenuze dala botilo. Mmodzi agwire kutsogolo, wina akwere pa thabwa lapansi lija n'kutsamira chagada mpaka mlongoti utuluke m'madzi. Chitani kawiri kapena katatu, kenaka mukape madziwo ndi chigubu chija, muone kuti zikukutengerani mphindi zingati.