Amisiri osema a ku Oye-Ekiti ndi wansembe amene anawalemba mayina

Amishoni ambiri amene anafika pakati pa Ayoruba, kumwera chakumadzulo kwa Nigeria, ankati chiboliboli chilichonse ndi fano. Otembenuka mtima ena ankatentha zawo, zina n'kuthera m'nyumba zosungiramo zakale za ku Ulaya popanda dzina la mwini luso.

Mu 1947 Bambo Patrick Kelly, mkulu wa ansembe achikatolika a chipani cha amishoni chotchedwa Society of African Missions (SMA), anayesa njira ina. Anatuma Bambo Kevin Carroll ndi Bambo Sean O'Mahony kukatsegula malo a ntchito zamanja ku Oye-Ekiti, kuti osema, owomba nsalu ndi otunga mikanda azikongoletsa matchalitchi ndi luso la makolo awo.

Carroll sanapite kukaphunzitsa munthu kagwiridwe ka kasemasema. Amisiri anawapeza ali kale ndi sukulu yawo, yolandirana bambo ndi mwana. George Bandele anali mwana wa Areogun wa ku Osi-Ilorin, katswiri wa zitseko ndi nsanamira zosemedwa zimene zinkachirikiza makonde a nyumba za mafumu. Bandele anatenga wophunzira, Lamidi Fakeye wa ku Ila Orangun, Msilamu amene ankasema nkhani za m'Baibulo mosanyinyirika. M'manja mwa amisiriwa, anzeru a kum'mawa aja anasanduka mafumu achiyoruba, atavala zisoti za mikanda.

Si onse anakondwa. Akhristu ena a komweko ankaona ngati awabwezera zimene anazisiya, ndipo ansembe ena ankakondabe zifanizo zochokera ku Ulaya. Malowo anatsekedwa mu 1954. Carroll sanagwe mphwayi, anapitiriza kupezera amisiriwo ntchito zosema zitseko ndi maguwa.

Chimene ndimamulemekezera kwambiri n'chakuti ankafunsa kuti wasema ichi ndani, nanga anamuphunzitsa ndani, n'kulemba ndi kujambula zithunzi. Buku lake la 1967, Yoruba Religious Carving, linaonetsa kuti dzanja la mmisiri aliyense limazindikirika, monga Ayoruba eni ake ankadziwira kale. Mu 1992 anatulutsa lina la kamangidwe ka nyumba, Architectures of Nigeria, ndipo anamwalira chaka chotsatira.

Fakeye anayamba kuphunzitsa pa yunivesite ya ku Ile-Ife mu 1978, komwe anasema chiboliboli chachikulu cha Oduduwa, kholo la Ayoruba. Anamwalira mu 2009.