Esquina, rincón ndi canto: mayina atatu a ngodya ku Spain ndi Portugal

Ife tikati ngodya, zatha. Kaya ndi m'nyumba pamene pamakhala mtsuko wa madzi, kaya ndi panja pamene makoma awiri akumana, dzina ndi lomwelo. Anthu a ku Spain amasiyanitsa. Ngodya yakunja, yosongoka ija umagundapo chigongono potuluka mothamanga, kapena pokhotera msewu, amaitcha esquina. Yamkati, mokhala tsache ndi akangaude, ndi rincón.

Mawu awiriwa si apachibale. Rincón anabwera ndi Chiarabu. Mu 711 Tariq ibn Ziyad, mtsogoleri wa asilikali achisilamu, anawoloka nyanja kuchokera kumpoto kwa Africa kupita ku Spain, ndipo Asilamu analamulira madera ena a dzikolo mpaka 1492, chaka chimene mzinda wa Granada unagonja. Pa mawu ambirimbiri amene anatsalira m'kamwa mwa anthu panali rukn, kutanthauza ngodya komanso nsanamira. Nsanamira zisanu za Chisilamu pa Chiarabu ndi arkan, kuchulukitsa kwa rukn yemweyo, ndipo ngodya ina ya Kaaba, nyumba yopatulika ya Asilamu ku Mecca, imatchedwa al-Rukn al-Yamani chifukwa inaloza ku Yemen. Chimene chimandiseketsa n'chakuti ngodya ya Kaaba imeneyi ndi yakunja, anthu amaikhudza ndi dzanja akamazungulira, koma mawuwa atafika ku Spain analowa m'nyumba n'kukhazikika kuseri kwa chitseko. Kumeneko ndiko kunachokera arrinconar, kupanikiza munthu mpaka asowe kothawira. Ku Catalonia, chigawo cha Spain chokhala ndi chinenero chakechake, rincón amati racó.

Esquina ndi wa alendo ena, amene anafika Aarabu asanabwere. Awa ndi Avisigoth, fuko lachijeremani limene likulu lake linali Toledo. Akatswiri a zinenero amati gwero lake liyenera kuti ndi mawu awo akuti skina, kamtengo kowonda kapena fupa la kutsogolo kwa mwendo, pakati pa bondo ndi phazi. Ligwireni fupa limenelo, mumva mzere wakuthwa wotsika pansi pa khungu, ndendende ngati ngodya ya khoma la njerwa. Ineyo kufanana kumeneku kumandikhutiritsa. Muzu womwewo kwina unakwera thupi: schiena ku Italy ndi esquena ku Catalonia ndi msana.

Wamkulu pa onse ndi canto, amene Apwitikizi amatchulira ngodya yamkati. Pa Chilatini cantus chinali chitsulo chozungulira gudumu la ngolo. Quintilian, mphunzitsi wa ku Rome wobadwira ku Calahorra m'dziko la Spain, analemba zaka pafupifupi 1,900 zapitazo kuti mawuwa si Chilatini chenicheni, ndi a ku Africa kapena ku Spain. Kuchoka pa mkombero wa gudumu, tanthauzo linasendera n'kukhala m'mphepete mwa chinthu, kenako ngodya.

Mpira ndiwo unasokoneza zonse. Womenya kona amaika mpira mkati mwa mizere ya bwalo, ndiye mwa lamulo lija pamenepo pakanakhala rincón. Koma ku Spain amati saque de esquina, ambiri amangoti córner monga ife timanenera kuti kona. Apwitikizi ndiwo anasankha dzina la ngodya yamkati, pontapé de canto, ndipo anzathu a ku Tete ndi Angónia akamamvera mpira pawailesi m'Chipwitikizi amamva mawu omwewo. Ku Brazil anawapinda pang'ono n'kukhala escanteio.