Mapazi oyaka moto usiku: ululu wa m'mitsempha ndi mankhwala a tramadol

Pali odwala ena kuno ku Kasungu amene ngakhale mu June, kukuzizira, amagona mapazi ali pamtunda chifukwa bulangete likangowakhudza amamva kuyaka ndi kulasalasa. Ukayang'ana phazilo, bala palibe, kutupa palibe. Ena zala zimachita dzanzi koma n'kumapwetekabe. Ululu wotere umachokera m'mitsempha imene imanyamula mauthenga kupita ku ubongo, osati ya magazi ayi, ndipo Panado kapena Brufen kawirikawiri sauthetsa.

Chimawononga mitsemphayi n'chiyani? Matenda a shuga ali patsogolo, makamaka munthu akakhala nawo zaka osadziwa. Kachilombo ka HIV nakonso kamaiwononga, chimodzimodzi mankhwala akale aja a stavudine omwe dziko lino linasiya kupereka. Isoniazid wa TB amatha kuyambitsa dzanzi, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi pyridoxine. Musamataye kapilitsi kameneka poganiza kuti n'kongowonjezera. Palinso mashingozi, amene zilonda zimapola koma ululu n'kutsala miyezi, khate, khansa, kuvulala kwa msana, ndi kumwa kachasu kwa zaka zambiri.

Mu 1983, katswiri wina wa ku London, Clifford Woolf, anasonyeza kuti mauthenga a ululu akamabwera mosalekeza, mtsempha waukulu wa m'fupa la msana umasintha kagwiridwe kake ka ntchito. Umakhala ngati wailesi yoti wina wakweza mawu mpaka pamapeto n'kuthyola kotsitsira: kakang'ono kalikonse kamamveka mwaphokoso. Kutsina pang'ono kumapweteka mopitirira, ndipo zinthu zosapweteka n'komwe, monga malaya kapena kamphepo, zimayamba kupweteka. Wodwalayo sakunama, sakudyerera, ndipo palibe amene wamulodza. Apabanja mumvetse zimenezi, chifukwa ambiri amatopa ndi kunenedwa kuposa ndi ululuwo.

Apa ndi pamene ambiri amathamangira tramadol wa pamsika. Tramadol, codeine, pethidine ndi morphine ndi a banja limodzi la mankhwala amphamvu othetsa ululu. Masiku oyamba amathandizadi. Koma thupi limazolowera, kapisozi mmodzi amasanduka awiri, awiri n'kukhala anayi. Kafukufuku wapezanso china chodabwitsa: mwa anthu ena omwa mankhwalawa nthawi yaitali kapena ochuluka, mankhwala omwewo amachititsa mitsempha kumva ululu kwambiri kuposa kale. Chizindikiro chake n'chakuti ululu umene unali ku mapazi okha umafalikira kwina, ndipo mukawonjezera mankhwala umangokulirakulira. Zikatero, adokotala amatsitsa mlingo pang'onopang'ono kapena kusintha mankhwala. Kusiya nokha tsiku limodzi kumabweretsa thukuta, kunjenjemera, kutsekula m'mimba ndi kusowa tulo.

Mu 2015, akatswiri a za ululu ataunika kafukufuku 229 wokhudza ululu wa m'mitsempha, anaika amitriptyline, duloxetine, gabapentin ndi pregabalin poyambira. Tramadol anamuika pachiwiri, ndipo morphine ndi anzake amphamvu anakhala achitatu, oyesedwa zina zikakanika.

Amitriptyline ndiye amene mungakumane naye kwambiri m'zipatala zathu. Ambiri amamudziwa ngati mankhwala a matenda a nkhawa, choncho ena akalandira amakhumudwa kuti adokotala awayesa odwala matenda a maganizo. Ayi ndithu, pa mlingo wochepa amatontholetsa mitsempha. Amamwedwa madzulo chifukwa amagonetsa, amaumitsa m'kamwa, ndipo pamatenga masabata angapo kuti muone kusintha. Vuto ndi loti anthu amamwa masiku atatu, n'kunena kuti sakugwira, n'kubwerera kwa wavenda. Dziwaninso kuti cholinga nthawi zambiri n'kuchepetsa ululu kuti mugone ndi kupita kumunda, osati kuuchotseratu. Ngati mukumwa kale tramadol, nenani poyera, pakuti kuphatikiza awiriwa kungayambitse kukomoka ndi kuphupha.

Machenjezo a mankhwala amphamvu aja asaopseze amene akusamalira wodwala khansa. Morphine wamadzi amene amaperekedwa ndi anamwino osamalira odwala matenda okhalitsa ndi mankhwala oyenera, ndipo bungwe la WHO lakhala likulimbikitsa kugwiritsa ntchito kwake pa ululu wa khansa kuyambira mu 1986. Mupatseni pa nthawi yake monga mwauzidwira, pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba chifukwa morphine amadzimbidwitsa. Botololo lisungidwe patali ndi ana, ndipo musagawireko mnansi wodwala msana.

Mukapita ku chipatala cha boma cha Kasungu, ku St Andrew's ku Mtunthama, ku Nkhamenya kapena ku chipatala chaching'ono cha kwanu, tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ogula pagolosale ndi azitsamba omwe. Fotokozani mmene ululuwo umamvekera, kaya kuyaka, kulasa kapena dzanzi, chifukwa kungoti miyendo ikuwawa kumathera pa Panado. Pemphani kuyezedwa shuga ndi HIV. Odwala shuga muziyang'ana kumapazi tsiku lililonse ndipo musamalime opanda nsapato. Chitsotso cha fodya chingakulaseni osamva.

Thamangirani ku chipatala nthawi yomweyo ngati womwa tramadol, morphine kapena anzake akulephera kudzuka, akupuma pang'onopang'ono kwambiri, kapena wamwera mowa. Komanso ngati miyendo yafooka mwadzidzidzi kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka zokha.