Momwe suweji ya ku Arcata inasandukira dambo la mbalame

Arcata ndi tauni yaing'ono kumpoto kwa California ku America, ya anthu pafupifupi 18,000, m'mphepete mwa nyanja ya Humboldt Bay. Alendo amapitako ndi makamera kukajambula mbalame padambo lake, ndipo ambiri sadziwa kuti madzi amene abakha akusambamo achokera m'zimbudzi za m'tauniyo.

Malowa kale sanali okoma ayi. Panali makina ochekera matabwa amene anasiyidwa, komanso mtaya wa zinyalala umene anthu anaupatsa dzina lachipongwe loti Mount Trashmore. Pafupi pomwepo panali maiwe a khonsolo, momwe madzi a suweji ankakhala padzuwa kwa masiku angapo asanawatsanulire m'nyanja.

Mkangano unabuka lamulo litasintha. M'chaka cha 1972 dziko la America linakhazikitsa lamulo loteteza madzi, ndipo mu 1974 boma la California linaletsa kutsanulira madzi a suweji m'nyanja zotsekeka ngati Humboldt Bay, pokhapokha pakhale umboni woti madziwo akupindulitsa nyanjayo. Akuluakulu a m'chigawocho anagwirizana zomanga malo amodzi aakulu oyeretsera suweji ya matauni onse, ndi mipope yodutsa pansi pa nyanja. Arcata inakana. Ndalama zake zinali zochuluka kwa tauni yaing'ono, mpope ukanatha kuphulika pansi pa madzi m'dera limene zivomerezi sizisowa, ndipo ena ankaopa kuti mpope ukangodutsa m'minda ya pakati pa Arcata ndi tauni yoyandikana nayo ya Eureka, nyumba zikanatsatira mpaka minda kutha.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti sanangokana basi. Anagwira mawu aja akuti "pokhapokha" nawasandutsa chida. George Allen, mphunzitsi wa za nsomba pa Humboldt State University, anali atayamba kale kuweta ana a nsomba za salmon m'madzi osakaniza ndi a m'maiwe aja. Iye, pamodzi ndi Robert Gearheart wa pa yunivesite yomweyo ndi Frank Klopp wa ku khonsolo, anati dambo lingathe kumaliza ntchito yoyeretsa, kwinaku likubwezeretsa malo a mbalame. Boma silinakhulupirire msanga. Linalola kuti ayese kaye pa timadambo tating'ono kuyambira 1979, ndipo zotsatira zitakhutiritsa, ntchito yonse inatha mu 1986.

Kayendedwe kake n'kosavuta kumva. Zolimba zimayamba zadikha pansi n'kuchotsedwa. Madzi amapita m'maiwe momwe ndere ndi tizilombo tosaoneka timadya zonyansa, kenako amayenda pang'onopang'ono pakati pa zomera za m'dambo zonga mlulu, zimene zimasefa zotsalira. Asanalowe m'nyanja amaphedwa majeremusi. Kwa zaka zambiri ankagwiritsa ntchito klorini, koma khonsolo inaganiza zosinthira ku kuwala kwa UV, kuwala kosaoneka ndi maso komwe kumapha majeremusi. Kusamala kumeneku n'kofunika, chifukwa m'nyanja yomweyo anthu amaweta nkhono za oyster zogulitsa.

Madambo atatu akuluakulu anapatsidwa mayina a Allen, Gearheart ndi Dan Hauser, yemwe anali meya wa tauniyo, ndipo mitundu ya mbalame yoposa 300 yaonedwapo pamenepo. Komabe dambo limakalamba: matope amaunjikana, ndipo tauniyi yalipitsidwapo chindapusa madzi ake atalephera kufika pa muyezo. Nthaka ya m'mphepete mwa Humboldt Bay ikutsika pomwe nyanja ikukwera, ndipo maiwe aja ali pagombe penipeni, kuseri kwa mipanda ya dothi ndi miyala.